Bokosi Lotuwa la Chisamba

"Tatembenuzaninso, tione kumbuyoko," anatero azakhali, atatsamira tebulo mpaka chigongono kulowa m'mbale ya shuga.

A Magalasi anasuntha chala pa laputopu, nyumba yonse n'kuzungulira ngati keke ya pa ukwati. Iwowa anali mnzawo wa malemu bambo, ankagwirira limodzi ntchito yojambula nyumba pa kompyuta. Maliro anali atangotha kumene, mipando yobwereka idakali pakhonde, koma anabwera ndithu chifukwa womanga anali atakumba kale maziko a nyumba yatsopano ya banjali, ndiye ankafuna mapulani amene malemuwo anasiya osamaliza, mvula isanagwe.

Chisamba, mwana woyamba wa malemu, anaima kumbuyo ndi thireyi ya makapu. Sanakhale pansi. Zokhala pansi iye anaziiwala kalekale, chiyambire bambo kudwala.

"Ichi ndi chipinda cha Mzime," anatero a Magalasi, n'kuwalowetsa mkati pa laputopupo.

Abale inu, chipinda chake chimenecho! Zenera lalikulu, kabati ya m'khoma, shelefu ya mabuku, soketi pafupi ndi bedi kuti mwana wa anthu azitchaja foni ali chigonere. Ngakhale mahinjesi a chitseko ankaoneka. Mzime, mng'ono wake wa Chisamba, amene nthawi yonse ya matenda anali kusukulu yogonera komweko n'kungotulukira tsiku la maliro ndi sutikesi ya matayala, anagwira pakamwa n'kuyamba kusisima.

"Nanga changa?" anafunsa Chisamba.

A Magalasi anakhosomola kaye. Anasunthanso chala, n'kuima pa chinthu chotuwa chamakona anayi, chopanda khomo, chopanda zenera. Bokosi basi. Ngati sopo wochapira amene sanamuyambe.

"Usadabwe, mwanangu. Ntchito yathuyi imakwera ngati masitepe. Poyamba timangoika bokosi, kusonyeza kuti pano pakhala chipinda, kukula kwake kwakuti. Kenako timaika makoma ndi zitseko zongoyerekeza. Kenako miyezo yeniyeni. Pomaliza timaika chilichonse, mapaipi, mawaya, kuti womanga asafunsenso kanthu. Cha Mzime chinafika pomaliza. Chakochi chidakali poyamba."

"Ndiye kuti achimwene anasanja ana awo ngati zotsatira za mayeso," anatero azakhali. "Wina nambala wani, wina... Taonetsani chimbudzi."

Chimbudzi chinali ndi zonse, mpaka kachitsulo kokolekapo thawulo.

"Ha! Chisamba, chimbudzi chakuposa!"

Azakhali amenewa, pakamwa pawo sipadziwa kuti pakhomo pagwa maliro. A Magalasi anachita ngati sanamve.

"Vuto ndi lakuti womanga sangamange bokosi," anatero. "Sadziwa kuti khomo liloza kuti. Mawa ndiyenera kumutumizira zomwe zatha."

"Aa, zosavuta," anadumphira azakhali. "Chikhale chosungiramo katundu. Khomo limodzi, basi. Chisamba wakula, akwatiwa pompano. Akamabwera azigona kwa mng'ono wakeyu, poti ndi kokongola."

Chisamba anatsitsa thireyi ija mwamphamvu, masipuni n'kudumpha. Nsanje inamukwera ngati mkaka pamoto. Ndani ankawatembenuza bambo pabedi? Ndani ankachapa zofunda, ndani anasiyira panjira kosi ya utelala? Ndiye lero akakhale mlendo m'nyumba ya bambo ake, kumagogoda pachitseko cha mwana amene ankamubereka kumsana?

"Ukulira chiyani iweyo?" Chisamba anamutembenukira Mzime. "Wolira ndi ine. Iwe uli ndi soketi."

"Achemwali, si ine ndinajambula."

"Unkawanyengerera pa foni! 'Adadi, adadi,' ndi kamawu kako ka mphaka. Ine ndili ndi beseni m'manja, iwe ukuitanitsa mashelefu."

"Ankandiimbira okha! Ankandifunsa kuti pogona mutu ndimalozetsa kuti, ndimawerenga nthawi yanji. Ine ndinkangoyankha. Kodi inuyo sankakufunsani?"

Chisamba anatsegula pakamwa kuti akane, koma anakumbukira. Ankamufunsa. Kangati konse! "Chisamba, dzuwa la m'mawa umalikonda?" Iye: "Bambo, mezani kaye mapiritsi." "Chisamba, makina ako osokera ungaike pati?" Iye: "Paliponse, bambo, madzi osamba akuzizira." Ankayesa ndi nkhani za munthu wotopa ndi kugona.

Komatu musayese nsanje imathera pomwepo, ayi. Inangosintha mpando.

"Ndiye sakanangoganiza okha? Mwana wawo woyamba, osadziwa zomwe ndimakonda? Mahinjesi a uyu anawapezera nthawi."

A Magalasi anavula magalasi awo n'kuwapukuta ndi tayi. "Bambo ako sankamulotera munthu chipinda. Ku ofesi tinkakangana nawo pa zomwezi, ntchito ikuchedwa. Ankati bokosi umalisuntha ndi chala, koma ukajambula zongoganizira, womanga amazikhulupirira n'kuzithira simenti. Pamenepo ndiye mpaka hamala yogumulira."

"Zokamba zimenezo," anatero azakhali. "Mvula siyembekeza munthu. Chosungiramo katundu ndiye chachangu."

Mayi chiyambire anali phee pampando wa pakona, atafunda juzi ya malemu. Anthu anali atawaiwala. Anadzuka pang'onopang'ono.

"Alamu, tiyi wanu akuzizira. Chosungiramo katundu mukamange kwanu."

Azakhali anatola kapu yawo msangamsanga.

Mayi anasolola pensulo m'chitini cha pawindo, n'kumukoka Chisamba mpaka pakhoma.

"Vula nsapato. Ima apa. Kweza dzanja."

"Amayi, n'chiyaninso chimenechi, pamaso pa anthu?"

"Ndati kweza. Osaimira zala, usabere."

Chisamba anakweza dzanja, milomo ili ndwii. Mayi, poti ndi afupi, anachita kudzikoka ndithu kuti afikire, n'kulemba kamzere pakhoma pamene zala za mwana wawo zinalekezera.

"Bambo ako ankayambira pamenepa," anatero mayi, osayang'ana munthu. "Ankayeza kaye munthu, chipinda pambuyo. Tsiku limene tinalowa m'nyumba ino anandiimika chonchi kukhitchini. Mashelefu aja anthu amaseka kuti ndi a ana a mkaka, koma ine sindinakwerepo mpando kuti nditenge mchere. Iwowo, ndi kutalika konse kuja, ankangowerama."

A Magalasi anakokera laputopu pafupi n'kudina bokosi lotuwa lija, n'kudikira.

Chisamba anali chiimire, dzanja lili m'mwamba, misozi ikutsikira m'khosi poti analibe dzanja lopukutira, linalo litagwira nsapato. Anamuyang'ana Mzime ndi diso la m'mbali.

"Zenera langa likhale lalikulu kuposa lake," anatero. "Ndipo masoketi awiri."

"Usatsitse dzanja," anatero mayi, akunyowetsa nsonga ya pensulo ndi lilime. "Tambasula linalo, tione pofika makina."