Mndandanda Wopanda Matenanti

Fainess anali atadzitama sabata yonse, ndipo ku Mtunthama panalibe amene sanamve. Pulogalamu yolembera alimi oti alandire mbewu ya soya anaipanga yekha. Ukadina mudzi pa kabokosi koyamba, kachiwiri kankatsitsa mndandanda wa mabanja a m'mudzimo. Zophweka ngati kumwa madzi.

Tsiku lolembera, m'chigafa cha fodya ku Kaluluma, zonse zinayenda myaa mpaka panafika mayi wina wobereka mwana, dzina lake Patuma.

"Mudzi wanu, mayi?" anafunsa Fainess.

"Kwathu n'ku Machinga. Kuno ndife matenanti, pa esiteti. Chaka chino n'chachisanu ndi chiwiri."

Fainess anadina pa "Esiteti". Pulogalamu inangoti phi, kuzima. Anaiyatsanso, inazimanso. Galimoto ya bungwe logawa mbewuyo inayenera kunyamuka ndi mayina dzuwa likafika pamutu, ndipo aliyense wotsalira mbewuyo akanangoionera m'minda ya anzake.

"Mwana wanga, makina akowa adwala malungo?" anatero a Aloysius, wapampando wa kalabu ya alimi, anthu pamzere n'kuseka.

Fainess sanaseke. Anatsegula khodi, mizere ya malangizo yoyendetsa pulogalamuyo, ndipo vuto analipeza msanga. Mudzi ukasintha, pulogalamu inkafufuta mndandanda wakale, n'kuthira watsopano, kenako n'kuthamangira kutola dzina loyamba osayang'ana ngati lilipo. Pa esiteti panalibe dzina ndi limodzi lomwe, ndiye inkagwira mphepo n'kugwa chagada. Anawonjezera mizere itatu: idikire mndandanda uthe kudzaza, iyambe yaona ngati muli kanthu, ikapeza mulibe isatole.

Koma bwanji munalibe kanthu? Apa manyazi anamugwira. Mayina onse anawakopera m'mabuku a m'midzi. Iye, wobadwira pamudzi pomwe pali manda a makolo ake, sanaganizeko kuti alipo anthu olima dothi la Kasungu amene buku lililonse siliwadziwa. Malamulo a bungwe sankalolanso kuwonjezera dzina pamalopo.

Anadinanso "Esiteti". Ulendo uno pulogalamu sinagwe. Kabokosi kanatsika bwinobwino, koyera mbee.

Patuma anasuntha mwana kumsana n'kuweramira pa laputopu, nkhope itawala poona kuti makina achira.

"Ndapezeka eti, achemwali?"

Fainess anayang'ana kabokosi kopanda kanthuko. Panja dalaivala anali ataliza kale injini.