Makina Atasiya Kulira

Ba Chalwe ankagwira ntchito ndi makutu, ndipo m'sitolo yonse ya zomangira ya ku Kamwala munalibe munthu wodziwa zimenezi. Matenda a shuga anali atawaphimba maso ndi nkhungu. Munthu ankamuona ngati chithunzithunzi, khomo ankalizindikira ndi kuwala, koma zilembo zinali zitasungunuka zonse. Akazi awo okha, ba Peggy, ndiwo ankadziwa. M'mawa uliwonse ankawaperekeza kukakwera minibasi ku Kabwata, akuyenda patsogolo pang'ono ngati anthu amene agona atakangana, kuti amunawo azitsatira mtundu wa chitenje.

Sitoloyo kale inali ya boma. Itagulitsidwa m'zaka zija zogulitsa makampani, anzawo a ba Chalwe anabalalika, ena kwawo ku Luapula, ena kumanda. Iwo anatsala chifukwa cha kompyuta. Munali pulogalamu yakale yosunga katundu, zilembo zobiriwira pasikirini yakuda, yopanda chithunzi n'chimodzi chomwe. Msomali, lata, paipi, chilichonse chinali ndi nambala yake, ndipo manambalawo anali m'zala za ba Chalwe. Wogulitsa pakauntala ankangofuula zimene kasitomala wafuna, iwo n'kumagogoda mabatani, pirinta n'kulavula pepala la dalaivala wa lole.

Chinsinsi chinali kulira kwa makinawo. Akalandira nambala ankati pi, kamodzi. Nambala ikakhala yolakwika ankalira kawiri mofulumira. Katundu akatha mosungiramo ankalira motalika ngati mwana wotsinidwa. Ba Chalwe ankayang'ana sikirini mwaulemu wonse, magalasi ali pamphuno, koma ankamvera kulirako basi.

Mvula ya chaka chimenecho inabwera ndi ziphaliwali. Tsiku lina magetsi anazima n'kubwerera mwaukali, muofesi n'kumveka fungo la pulasitiki wopserera. Makina aja anafa. Ba Fabian, mwana wa eni sitolo amene tsopano ankayendetsa zonse, anagula kompyuta yatsopano yokhala ndi mausi, koma pulogalamu yakale inakana kudzukamo. Kampani imene inailemba inali itatsekedwa kale. Anthu anayamba kulemba zonse pamanja, ndipo ba Chalwe anadwala malungo abodza, n'kugona kunyumba akumvetsera mvula padenga.

Atabwerera anapeza pampando pawo pali mayi wina wonunkhira sopo wodula. Anali Muriel wa ku Woodlands, wokonza makompyuta.

"Muli shani, ba Chalwe?" Muriel anawapatsa moni. "Ati ndimwe amuna bake ba nkhalamba iyi, pulogalamu yakudala?"

"Tinakwatilana nthawi ya chipani chimodzi, mayo," anayankha ba Chalwe. "Yafa?"

"Awe, nayiukitsa. Nayimangila kanyumba mukati mwa kompyuta yanyowani. Timaitana kuti emyuleta. Yeve iganiza kuti ikali mu mashini yake yakudala, kuti palibe chinachinja. Tiinamiza chabe."

Ba Chalwe anaseka, mtima uli m'malo kwa nthawi yoyamba chiyambire mvula. Anakhala pansi n'kufufuza mabatani ndi zala. Anali ofewa, oyandikana kwambiri, koma anali m'malo mwake. Patsogolo pawo panali chidima chija chokhala ndi nkhungu yobiriwira. Analemba nambala ya simenti, n'kudina batani lalikulu, n'kudikira.

Kunali zii.

"Yasebenza?" anafunsa.

"Simuona? Simenti iyo apo," anatero Muriel.

Funso linali kale pamilomo pawo pamene ba Fabian analowa, makiyi a galimoto akulira m'manja. "Na chongo chija chasila," anatero mokondwa. "Pi pi pi tsiku lonse monga tili mu chipatala. Zikomo, Muriel."

Ba Chalwe anameza funso lawo. Munthu woona amafunsiranji kulira?

Kuyambira tsiku limenelo ankagogoda ngati woyenda mumdima m'nyumba imene wina wasuntha mipando. Ankalemba pang'onopang'ono, akunong'ona nambala iliyonse, ndipo ogulitsa anayamba kuwaseka kuti malungo awadya zala. Madzulo ankafika ku Kabwata khosi litauma. Ba Peggy anawauza kuti akapemphe mayi uja pambali kuti abwezeretse kulirako, koma Muriel anali atamaliza ntchito yake n'kupita, ndipo nambala yake ya foni inali ndi ba Fabian.

Lachisanu lina kunabwera mayi wa ku Kabulonga kudzagula matailosi a pakhonde. Chala cha ba Chalwe chinaterera pabatani loyandikana nalo. Makina akale akanalira kawiri. Awa anangoonetsa mzere wofiira m'munsi mwa sikirini, n'kudikira. Ba Chalwe anapitiriza kugogoda, mzere uja n'kuzimirira, manambala onse n'kugwera m'malo olakwika. Pepala linatuluka, dalaivala analitenga, ndipo masana omwewo lole inakatsitsa mulu wa mapaipi a zimbudzi pakapinga wa ku Kabulonga, alendo a chinkhoswe atakhala pamipando akuonerera.

Zina zinayamba kutulukira. Bambo wina wa ku Kaunda Square anabwera ndi galimoto yobwereka kudzatenga malata amene anatha kalekale mosungiramo. Ba Fabian anaitana Muriel Lolemba m'mawa, ndipo sanamupatse ngakhale mpando.

"Kanyumba kako kasokoneza manambala," anatero. "Mudala uyu wasebenza apa kuchokela nikalibe kubadwa, sanalakwitsepo. Wabwela iwe, mapaipi ku Kabulonga. Nizauza aliyense mu Kamwala kuti asakupatse nchito."

"Ba Fabian, pulogalamu ni imodzimodzi. Sininagwileko olo nambala imodzi."

"Ndiye ni mfiti?"

Ba Chalwe anakhala manja ali pamaondo, akumva Muriel akutsegula chikwama, kuchitseka, kuchitsegulanso. Ba Chalwe anali ndi mwana wamkazi wa msinkhu wa mayiyo ku Kitwe.

"Mashini yakudala yenze kulila," anatero ba Chalwe motsitsa mawu. "Munthu akalakwitsa, yenze kulila. Iyi siilila."

"Kulila kwa chani?" anafunsa ba Fabian. "Ukalakwitsa imalemba mofiila pansi apo. Olo ine nimaona nikupita. Onani." Anawerama n'kugogoda manambala achisawawa, osayang'ana n'komwe. "Belengani, mudala. Yakamba chani?"

Ba Chalwe anakonza magalasi. Mauthenga onse a pulogalamuyo ankawadziwa pamtima kuyambira masiku amene maso anali maso. Anayang'anitsitsa nkhungu ija n'kunena mwa Chingerezi chomveka bwino, liwu ndi liwu, kuti nambala imeneyi mulibe, yesaninso.

Panja wina ankakoka wilibala yolira. Ba Chalwe anazindikira mochedwa kuti nkhungu ya patsogolo pawo sinali yakuda. Inali yowala, yamtundu wa thambo. Muriel anali atatseka kanyumba kaja kuti aone za mkati, ndipo pasikirini panalibe chilembo chilichonse, panali chithunzi cha phiri ndi mitambo.

"Kuyambila liti?" anafunsa ba Fabian. Mkwiyo unali utawathera.

"Pakhala kanthawi."

Ba Fabian anatuluka kukaimba foni kwa bambo awo. Muriel anakoka mpando n'kukhala pafupi kwambiri moti mapewa awo anagundana. Anatulutsa tisipika tiwiri m'chikwama, n'kulumikiza, n'kugogoda pang'ono.

"Kulila kuja nenze n'nazimya dala," anatero. "Ninaganiza kuti ni chongo chabe. Sembe munaniuza tsiku lija, ba tata."

"Sembe," anavomera ba Chalwe.

"Yesani manje."

Analemba nambala ya simenti. Pi. Kulirako kunali kosalala, kochokera kumbali m'malo mwa pansi pa tebulo, koma kunali komweko. Analemba ya misomali, ya penti, ya matailosi a pakhonde, zala zikuthamanga monga kale, ndipo makina ankavomera iliyonse. Anapitiriza mpaka ba Fabian atabwerera n'kuima pakhomo, kutchinga kuwala.

Anawalola kungomaliza mweziwo asanasiye ntchito, kuti aphunzitse Emmy wa pakauntala. Ba Fabian analankhula mwaulemu, anatchula za lole, za makasitomala, za dzina la sitolo. Anati sipika si maso.

Tsiku lomaliza ba Peggy anabwera mpaka ku Kamwala, ndipo sanayendenso patsogolo. Anawagwira dzanja anthu onse akuona. Akudutsa pawindo la ofesi, pakati pa phokoso la mawilibala ndi ogulitsa nsalu, ba Chalwe anamva makina akulira motalika. Anaima.

"Malata yasila," anatero. "Afunika kuuza dalaivala."

Kenako anamva mawu a Emmy akudandaula kuti mutu ukumupweteka, ndi kaphokoso ka waya wa sipika ukuzulidwa. Anadikirabe pang'ono, khutu lili kuwindo. Ba Peggy anawakoka mkono mofatsa, chifukwa minibasi ya ku Kabwata inali ikudzaza.