Kambozi ka M'tsamba la Apozi

Atelala, omwe anasiya kusoka maso atayamba kuvuta, anapeza masamba a mtengo wawo wa maapozi ali ndi mizere. Mtengowo unali kuseri kwa nyumba, pafupi ndi chingwe choyanikapo zovala. Mzere uliwonse unkayamba wowonda ngati ulusi, n'kumakhotakhota, n'kumakula mpaka m'mphepete mwa tsamba.

"Amene wasoka apayu anali atalawa," anauza akazi awo.

"Ingopoperani mankhwala," anatero mayiwo.

Iwo sanapopere. Anajambula tsamba limodzi pafoni n'kutumizira mwana wawo wamkazi, yemwe ankagwira ntchito yofufuza tizilombo ta mbewu kudziko lakutali. Panali patapita zaka asanabwere kwawo. Akaimba foni ankafunsa za miyendo ndi za mankhwala, kenako n'kutsanzika. Bambowo ankasowa chonena choti mwana asadule msanga.

Tsiku limenelo mwanayo anaimba yekha foni ya vidiyo, atavala chijasi choyera.

"Ababa, kwezani tsambalo kudzuwa. Mukuona chiyani m'kati mwa mzerewo?"

"Kamzere kena kakuda, mayi, pakatikati penipeni."

"Ndi zitosi zimenezo. Muli kambozi kamene kamadya m'kati mwa tsamba, khungu la pamwamba ndi la pansi osalikhudza."

"Ngati kuika chingwe m'mpendero wa kabudula?"

Mwanayo anaseka mpaka kuvula magalasi. Anafotokoza kuti timbozi totere tilipo tamitundumitundu: kena kamadya mozungulira n'kusiya banga, kena kamakwinya tsamba kunsi. Kuti atsimikize, anafunika kuona kagulugufe kake. Anawauza kuti afunefune chikwa, kathumba koyera komangidwa ndi tiulusi, aike tsambalo m'botolo n'kuphimba ndi kansalu.

Atelala anapeza zikwa zitatu. Botolo analiika pa makina osokera, ndipo kansalu kophimbira anakapinda m'mbali bwinobwino. Kuyambira pamenepo foni inkalira kawirikawiri. Atelala ankafunsa zimene anamva kale, nthawi zina n'kutembenuza tsamba molakwika dala.

"Mwakalamba ndi mabodza," ankatero akazi awo. Koma nawonso ankakoka mpando n'kukhala poti aziona nkhope ya mwana.

M'mawa wina, m'botolo munali kanthu koyera mbuu, konyezimira, kosaposa kambewu ka mpunga. Atelala anakayang'ana nthawi yaitali. Anaganiza zosamuuza kaye mwanayo mpaka sabata ithe. Kenako anaopa kuti kafa ndi njala, ndipo anaimba.

"Yandikizani foni. Mapiko ake ndi owonda? Kunsonga kuli kofiirira ndi kadontho kakuda?"

"Eya, mayi."

"Ndi komweko!" Anatchula dzina lake lachilatini, lalitali moti bambo ake analephera kulibwereza. "Sikapha mtengo ayi, maapozi mudya. Katsegulireni kazipita."

"Basi, nkhani yatha?"

"Yatha, ababa."

Atelala anatuluka, botolo kudzanja lina, foni kudzanja lina. Anamasula kansalu. Kagulugufe kanayenda pang'ono pakamwa pa botolo, kenako sanakaonenso. Anadikira kuti mwana atsanzike monga mwa masiku onse, koma iye sanadule foni.

"Ababa, tabwererani m'mbuyo pang'ono, ndione mtengo wonse."

Anabwerera mpaka msana unagunda mpanda.

"Wakula chonchi? Wapitirira denga? Tapendeketsani kumanzere. Zenera la kuchipinda kwangalo, katani ndi yomwe ija?"

"Yomweyo. Amayi ako akuti isinthidwe, yasuluka."

"Isasinthidwe kaye."

Kumbuyo kwake kunamveka munthu akumuitana m'chilankhulo china. Iye anatembenuka, anayankha mwachidule, n'kuyang'ananso pafoni.

"Akundidikira kumsonkhano," anatero, koma sanadzuke pampando. "Mungogwira choncho pang'ono."

Mkono unayamba kuwawa. Atelala anauchirikiza ndi dzanja linalo, botolo atalipana m'khwapa, ndipo anaimabe pomwepo.