Kapinga wa Nyumba ya Pakona

Kudera lawo ku Toledo, kampeni sinkayamba mpaka a Harlan Dubicki atakhoma chikwangwani chawo choyamba pa kapinga wa Lorraine Wojcik. Aphunguwo ankabwera okha, nyundo ili m'manja, ndipo anthu a mumsewu akaona dzinalo panyumba ya pakonayo, nawonso ankazika zawo. Mwambowu anauyamba ndi malemu Stan, mwamuna wa Lorraine, kalekale awiriwo akutsogolera sitalaka kufakitale ya magalasi.

Chaka chino chipani cholamula chinadula thandizo la zipatala za amphawi. A Dubicki, mkulu wa otsutsa, anangoima pa wailesi ya kanema n'kulengeza kuti akhumudwa kwambiri. Kukhumudwa ankakutha ndithu mkuluyo, suti osachita khwinya n'limodzi lomwe. Kiliniki ya m'deralo inatsekedwa, ndipo namwino wa pomwepo, Imani Treadwell, amene anadwazika Stan mpaka mapeto, ananena kuti alimbana nawo pa chisankho cha chipulula.

Loweruka m'mawa Lorraine anawaona a Dubicki pawindo akutsika galimoto ndi chikwangwani chawo, akukoka mwendo. Mtima unamupweteka, pakuti munthuyu ankamukonda ngati mlongo wake.

"Alamu!" anakuwa a Dubicki. "Khofi alipo, kapena mwayamba kuumira ngati boma?"

"Khofi alipo. Koma chikwangwanicho chibwerere m'galimoto."

Mkuluyo anaima chilili, kumwetulira kukutha pang'onopang'ono.

"N'chifukwa cha kamtsikana kaja? Alamu, ndale si kubaya jakisoni. Kulikulu kuja kumafunika munthu wodziwa kuugwira mtima. Paja akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto."

"Wazima kale, alamu. Ife kuno tikuzizidwa."

"Mbali yathu inalibe mavoti okwanira! Mumafuna nditani, ndigubuduke pansi?"

"Bwenzi titaona fumbi pa malaya anuwo, n'kudziwa kuti munayesa."

A Dubicki anayang'ana nyumba za mumsewumo, makatani akugwedezeka apa ndi apo. Atalankhulanso, mawu anali atatsika.

"Chabwino, changa chikhale. Koma cha mwanayo musaike. Kapingayu angokhala wopanda kanthu, anthu aziti mwakalamba, mwatopa nazo. Ndapota nanu, Lorraine. Ine ndinanyamula nawo bokosi la Stan."

Lorraine anatsala pang'ono kuvomera. Chinali chinthu chophweka, ndipo ubale ukanapulumuka. Koma anazindikira kuti mkuluyu akumupempha chokhacho chimene mwini wakeyo, a Dubicki, ankachidziwa kuchita: kukhala chete mwaulemu, zinthu zikuwonongeka. Zinamumvetsa chisoni kuposa mkwiyo.

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chikwangwani cha Imani, chamiyendo yawaya. Nthaka inali idakali youma ndi chisanu. Anaponda kamodzi, wayayo anapindika. Anawongola ndi manja n'kupondanso, misozi ikutsika, mpaka chinaima.

"Lowani mumwe khofi," anatero osatembenuka.

"Ayi, zikomo, mayi Wojcik."

Chikhalire anali asanamutchulepo choncho. Lorraine anamva chitseko cha galimoto chikutsekedwa, injini ikulira. Anakweza dzanja kuti atsazike, koma munthu womaliza padziko amene ankamudziwa Stan ali mnyamata anakhota pakona osacheuka.