Mlendo Pampando Wachitatu

Aphunzitsi anali akupachikabe zithunzi kukhoma pomwe Mayi Telala ankalowa, chikwama chawo cha ulusi chili m'khwapa. Chionetsero cha kalasi ya akuluakulu ophunzira kujambula ndi penti chinali mawa lake, ndipo chithunzi cha mayiwa chinali kale pamsomali wa pakati penipeni.

Vuto la Aphunzitsi linali dzanja. Linali dzanja losamva: likaona ntchito ya wina isanathe, linkayabwa. Dzulo lake masana, ophunzira atapita, anaima pa chithunzi cha Mayi Telala. Munali tebulo, ana awiri akudya, ndi mpando wachitatu. Pampandopo panatsala chinsalu choyera chosakhudzidwa ndi penti, chooneka ngati munthu wokhala pansi. "Nthawi inawathera," anatero mumtima. Anatenga bulashi n'kujambulapo bambo wa masaya, wa malaya abuluu, akumwetulira.

Tsopano Mayi Telala anaima patsogolo pa chithunzicho. Chikwama sanachiike pansi.

"Ameneyu ndani?"

Adalaivala, mkulu wopuma pantchito yemwe ankajambula magalimoto okhaokha, anasuzumira n'kuseka. "Mayi, mwapeza banja osatiuza? Bambo wake ndi wodya bwinotu!"

Panalibe wowathandiza kuseka.

"Ndinamalizitsa ndine, mayi," anatero Aphunzitsi. "Ndimaona ngati nthawi inakucheperani."

"Munamalizitsa." Mayiwo anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Aphunzitsi, si inu munatiuza kuti ojambula a masiku ano salimbana ndi nkhope zokha, amajambula maganizo? Kuti malo opanda kanthu nawonso amalankhula? Ine ndinalemba m'kope."

Mawuwo Aphunzitsi anawakumbukira bwino. Anawanena ataima pomwepo, bulashi ili m'mwamba, akudzimva kukoma.

"Bambo a ana amenewa anatisiya chaka chatha," anapitiriza mayiwo. "Mpando wawo sitinauchotse. Wamng'onoyu amaikabe mbale pamenepo. Milungu itatu ndakhala ndikuzungulira malo amenewo ndi kabulashi kakang'ono, kuopa kuti kadontho kangagwerepo."

Manyazi anawagwira Aphunzitsi. Milungu itatu ankadutsa kumbuyo kwa mayiwa, n'kumati "bwino, bwino," osafunsa ngakhale kamodzi. Paja safunsa anadya phula, koma phula la ulendo uno anadyetsa mnzawo.

"Pepani, mayi. Ndalakwa kwambiri. Ndikhoza kupakapo penti yoyera."

"Penti yoyera si chinsalu, Aphunzitsi. Munthu wanuyo azikhalabe pansi pake, akumwetulira."

"Nanga tikapala ndi mpeni?" anafunsa Adalaivala, mawu atatsika.

"Yauma kale," anayankha Aphunzitsi. Ndi iwo omwe anasankha penti youma msanga.

Mayi Telala anatsitsa chithunzicho n'kuchigoneka patebulo. Anapisa m'chikwama n'kutulutsa sizasi yawo yaikulu, ya chogwirira chokulungidwa ndi kansalu. Anaboola paphewa la bambo uja n'kuyamba kudula, kutsata mzere womwe iwo eni anausiya: phewa, mutu, mkono, bondo. Dzanja lodula nsalu zaka zambiri silinaphonye. M'chipinda monse munkangomveka sizasi.

Atachipachikanso, pampando wachitatu panali bowo, ndipo kuseri kwake kunkaoneka khoma ndi kamng'alu kake. Ana awiri aja ankadyabe, wamng'ono atayang'ana komweko.

Mayiwo anapinda kachidutswa kaja kawiri n'kuwapatsa Aphunzitsi m'manja.

"Mlendo wanuyu mupite naye. Kwathu alibe malo."

Mawa lake anthu anachedwa kwambiri pa chithunzi chimenecho kuposa china chilichonse. Bambo wina wa tayi anafunafuna Aphunzitsi n'kuwagwira chanza mwamphamvu.

"Bowo lija ndi nzeru zakuya. Apa zikuoneka kuti pali dzanja la mphunzitsi."

Mayi Telala anali chapafupi, akumva. Aphunzitsi anapisa m'thumba la jekete, natambasula kachinsalu kaja. Bambo wa malaya abuluu anali akumwetulirabe, mzere wopinda utamudutsa pamphuno.

"Dzanja langa ndi ili, bambo," anatero. "Zapakhomazo ndi za mayiwa."