Mphete pa Msomali

Darrell anapatsa mayi ake sabata imodzi. Pikapu yakale ya mayiwo ikadzakana kulira Loweruka m'mawa, basi, asiye famu akakhale kunyumba ya okalamba m'tawuni ya Yorkton.

"Amayi, kuzizira kuno wopanda galimoto ndi maliro oyenda," anatero pafoni. "Mwezi wathawu munakhala masiku atatu opanda mankhwala."

"Iwe, ndinakubala ndine. Usandikwirire ndikupuma."

Mayi Stefania anayankha mwamphamvu, koma mantha anali nawo. Vuto la pikapuyo linali batire, ndipo amene ankadziwa za batire anali malemu amuna awo, a Orest. Mayiwo zaka makumi anayi anali ongogwira tochi, n'kumakalipiridwa kuti akuwunika polakwika. Komatu wogwira tochi amaona zambiri kuposa momwe amuna amaganizira.

Lachisanu masana anatsegula chitseko chonse cha galaja kuti mpweya uzidutsa, nakweza boneti. Mitu ya batire inali itachita ufa wobiriwira ngati nkhungu ya pa buledi. Anasuzumira mbali zonse: silinatupe, silinang'aluke. Anavala magalasi, natola sipanala, kenako anaima. Mphete.

A Orest anapita kumanda ndi chipsera chozungulira chala. Tsiku lina mphete yawo inakhudza sipanala ili pamutu wa batire, nifiira ngati khala la moto. Kuyambira pamenepo anakhoma msomali pakhoma, ndipo sankayandikira batire mphete isanapachikidwe. Koma Mayi Stefania yawo anali asanaivulepo chikwatiwire. Zinawapweteka mumtima, ngati akuwasiya amunawo. Anapaka sopo, napotokola, napotokolanso, mpaka inavuka. Anaipachika pa msomali womwewo.

Atavala magolovesi anamasula waya wakuda poyamba, wofiira pambuyo. Soda wophikira, madzi ofunda, mswachi wakale, thovu linachita kuwira. Anapukuta mpaka mitu inawala, nalisiya batire pa tchaja. Madzulo anabwezera wofiira, wakuda pomaliza, napaka kagirizi.

Loweruka Darrell anafika ndi makatoni opanda kanthu olongedzeramo katundu wa mayi ake, kumbuyo kwa galimoto yake. Mwana wopanda manyazi! Mayi ake analunjika ku pikapu ija. Anakwera, napotokola kiyi, ndipo pikapu inalira kamodzi n'kamodzi, galaja yonse kunjenjemera.

"Wakukonzerani ndani? A Wasyl a kutsidyawa?"

"A Wasyl ako aja angasiyanitse batire ndi wailesi?"

Darrell anazunguza maso, nawona mphete ikunyezimira pakhoma. Ankaudziwa bwino msomali umenewo. Kunena zoona, mayi akanatha kuivala dzulo lomwe, koma anaisiya dala.

"Amayi, ndi yanu iyi?"

"Pamenepo amapachikapo ndi mwini sipanala," anatero akutsika, chifuwa chili patsogolo. Anaivala mosafulumira, mwana wawo akuonerera. "Makatoniwo tsitsa, wachita bwino kubweretsa. Ndimasowa posungira mbatata za chaka chamawa."