Kabokosi ka pa Tsamba Lachinayi

"Ungolemba kuti palibe. Liwu limodzi lokha, Rosa."

"Bolopeni nayi. Lembani nokha."

"Wosayinira kampani pa za msonkho ndiwe. Dzanja langa akalikana, ukudziwa."

Elliot ankalankhula atakhala pa bedi losamaliza, utuchi uli mbuu m'mutu ngati imvi. Tinali pa shedi yake mu msika wa mipando ku Glen View, komwe anthu mazana amakhoma misomali nthawi imodzi, moti ngakhale mukangane bwanji palibe amene amatembenuka. Fayilo ya kampani yathu inali itabwezedwa kachitatu ku ofesi ya msonkho. Pa tsamba lachinayi la fomu panali kabokosi kofunsa ngati pali ubale uliwonse pakati pa eni kampani, ndipo ine ndinkakasiya kopanda kanthu.

Zinayamba chaka chatha. Nditalemba mayeso a Fomu Folo ndinakhala pakhomo ku Dzivarasekwa kudikira kuti moyo uyambe, koma moyowo unkachedwa ngati kombi yodikira kudzaza. Ndinkathandiza amayi kugulitsa tomato ndi maputi, chimanga chokazinga chophulika chija, pa siteji, maso ali kumsewu. Elliot amaimba besi mu kwaya ya kutchalitchi kwathu, komwe timaimbabe m'Chichewa cha agogo athu ngakhale theka la ife timalota m'Chishona. Lamulungu lina atatuluka anthu, anandiitanira kuseri, pansi pa mtengo wa mapeyala. Anati ali ndi nkhani yaikulu yokhudza tsogolo, yosatheka munthu mmodzi, ndipo waganiza za ine. Kenako anapempha chitupa changa.

Mtsikana wa zaka naintini akamva zimenezo pansi pa mtengo, amaganiza za msonkho?

Anafotokoza kuti kampani imafunika madayirekitala awiri. Ine ndinamva mawu oti awiri basi. Anandilola kusankha dzina, ndinasankha Maloto Athu, iye n'kunena kuti ndi dzina labwino pa bizinesi ya mabedi. Satifiketi itabwera, mayina athu anali pamodzi, lake pamwamba langa pansi, chidindo chofiira pambali. Ndinaijambula pa foni, ndipo ndinkaiyang'ana ndikamasenda mbatata. Amayi atayiona anangoti kampani sikwatira munthu, n'kupitiriza kusanja tomato.

Kenako boma linayamba kutikonda. Sindinaonepo wokonda munthu wofuna makalata chonchi. Kanayi pa chaka limafuna ndililembere zimene kampani idzapeze kutsogolo, ngati ndine mneneri wa ku masowe, uja wopempherera kutchire atavala zoyera. Chaka chikatha limafuna fomu yaikulu yoti ndiulule pomwe ulosi wanga unaphonya. Limafuna lisiti la thabwa lililonse, chonsecho matabwa timagula kwa bambo wina wa ngolo amene akamva mawu oti lisiti amayang'ana kumwamba ngati wamva ndege. Malisiti a guluu ndi siponji amene ndinawasunga bwino mu chitini cha mabisiketi anafufutika okha, n'kutsala timapepala toyera tonyezimira. Ndinatimata m'fayilo momwemo, poti anati tisataye kanthu.

Limafunanso umboni wa komwe ndimakhala. Ife timachita lendi zipinda ziwiri, ndipo bilu ya madzi ili m'dzina la munthu amene anamwalira ine ndili Giredi Wani. Choncho alandilodi ayenera kukalumbira pamaso pa munthu wa chidindo kuti ndimagonadi m'nyumba mwawo, ndipo amavomera kupita pokhapokha tsiku lomwe mwendo wawo uli bwino. Kope ya chitupa nayo imafuna chidindo chatsopano miyezi itatu iliyonse, mwina poopa kuti ndasintha tsiku lobadwa.

Anatiuza kuti masiku ano zonse n'zapafupi, zili pa intaneti. Ndi zoona. Umasindikiza fomu pa kafe ya intaneti ya pa mashopu, n'kusayina, n'kukadinditsa, n'kubwereranso kudzaijambulitsa kuti ilowe mu kompyuta. Ikafika pakati magetsi amazima. Ukatero umanyamula pepala lomwelo, n'kukwera kombi kupita m'tauni kukafunsa chimene chachitika.

Zonsezi ndinkachita ndikumwetulira, chifukwa ndinali ndi umboni wanga umene sunkafuna chidindo. Elliot ankanditchula a Dayirekitala. Anandikhomera kampando koti ndizikhalapo polemba, n'kuwotcha dzina langa kunsi kwake ndi waya. Ndikachokera m'tauni ankandigulira chimanga chootcha, ndipo tsiku lina anandichotsa utuchi patsitsi ndi dzanja lake. Anthu okonzekera ukwati ankabwera awiriawiri kudzasankha bedi, mtsikana n'kukhala pa matiresi mwamanyazi, ine n'kuwalembera lisiti ndikusankha mumtima mtundu wa nsalu yathu. Ndinawerengera kuti Elliot alankhula za ife awiri pa Khirisimasi. Kenako ndinati pa Isitala.

Ndiye kunabwera sukulu ina yogonera komweko, ikufuna mabedi makumi anayi a ana. Ntchito yotere Elliot anali asanaionepo. Koma sukulu sigula kwa kampani yopanda kalata yosonyeza kuti mapepala ake a msonkho ali bwino, ndipo inati kalatayo ifike pofika Lachisanu, apo ayi ntchito ipita kwa ena. Kuti kalata ituluke, fayilo yathu inayenera kudutsa. M'fayilomo ndi momwe ndinakumana ndi kabokosi kaja.

Ndinakayang'ana nthawi yaitali. Kwa chaka chonse boma linali litandifunsa za misomali ndi guluu, ndipo aka kanali koyamba kufunsa funso lanzeru.

Pa desiki yolandira mafayilo pamakhala mayi wina wa magalasi, dzina lake Mazvita. Ulendo woyamba anazunguliza kabokosiko ndi bolopeni yofiira osandiyang'ana. Wachiwiri anandifunsa ngati ndinapitadi kusukulu. Wachitatu anatsitsa magalasi, n'kundiuza m'Chishona, motsitsa mawu kuti a pamzere asamve, kuti kabokosiko sikafunsa za mtima. Kafuna kudziwa ngati ndi mchimwene, mlongo, mwamuna kapena mkazi wa papepala. Ngati sindikudziwa choyankha, anatero, ndisamavutitse boma, ndikafunse mwini wakeyo.

N'chifukwa chake Lachitatu masana ndinali nditaima pa shedi, fayilo ili pachifuwa, Elliot akundichonderera.

Anayamba ndi nthabwala. Anati ngati liwulo likundivuta kalembedwe andithandiza, lili ndi zilembo zisanu ndi chimodzi. Ndinamuuza kuti Chichewa ndinakhoza kunyumba, sindifuna mphunzitsi. Anati matabwa waitanitsa kale, anyamata awiri wawauza kale kuti Lolemba ayambe kudula, ndipo mayi ake auza kale anthu a mu kwaya. Anati sakumvetsa kuti munthu amene wapirira mizere ya m'tauni chaka chathunthu angagonje ndi kabokosi kochepa ngati chikhadabo.

"Sindinagonje. Ndikudikira yankho."

"Yankho la chiyani? Si iwe mlongo wanga. Agogo ako anachokera ku Dedza, anga ku Ntcheu."

"Ndiye mwayankha theka."

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana fayilo, n'kuyang'ananso ine. Ndinaona nkhope yake ikusintha pang'onopang'ono, monga zimachitikira kompyuta ya pa kafe ikamatsegula tsamba. Anatsika pa bedi paja. Anatola nyundo, n'kuiikanso pomwe inali. Pa shedi yoyandikana nayo wina anayatsa makina opalira matabwa, ndipo tinadikira kuti azimitse. Ndinali nditakonzeka. Ndinali nditavala bulauzi yachikasu, ndipo ndinali nditaganiza kale kuti ndikamva mawuwo sindivomera msanga, ndiyamba ndayang'ana pansi.

Makina atazima ndinalankhula ndine, chifukwa kudikira ndinali nditatopa nako. Ndinamuuza kuti ndalemba maulosi anayi, ndakoka alandilodi ndi mwendo wawo katatu, ndamata mapepala opanda mawu m'fayilo, ndipo bodza lililonse laling'ono limene boma linafuna ndalipatsa. Koma liwu ili sindilemba ndisanalimve pakamwa pake. Ndinamufunsa chimene ankafuna tsiku lija pansi pa mtengo wa mapeyala, pomwe mu kwaya muli atsikana khumi ndi awiri, iye n'kuitana ine.

Anakanda m'mutu, utuchi n'kugwera paphewa. Sanaseke, ndipo pa chimenecho ndimamuthokoza.

"Rosa, usandide," anatero. "Mu kwaya monse muja, wokhoza Chingerezi ndi masamu unali iwe wekha. Ine mafomuwa amandiopsa. Ndinkangofuna munthu wondilembera mapepala."